MAINA A ZIPATSO NDI NDIWO M'CINENERO CA KU KOREA

 Nkhani yathu ya lero iri ya cinenero ca anthu a ku Korea, makamaka maina amene iwo amacha zipatso ndi ndiwo zamasamba. Ndidziwa kuti wina ali kufunsa mumtima mwace kuti, "Kodi za kutali coterezi zitithandiza ciani ife?" Funso limeneli ndi loyenera, ndipo ndiyamba ndi kuliyankha.

Korea ndi dziko la kum'mawa kwa Asia, pakati pa China ndi Japan. Linagawidwa pawiri m'caka ca 1945, ndipo kufikira lero kuli maboma awiri, North Korea ndi South Korea, koma cinenero cao ndi cimodzi, colankhulidwa ndi anthu ngati 80 miliyoni. Dzikoli siliri lacilendo kwa ife monga tiganizira. Malamya a Samsung amene ali m'matumba mwathu, ndi magalimoto a Hyundai ndi Kia amene ayenda m'miseu mwathu, onsewa ndi maina a ku South Korea. Akuru akumbukira caka ca 1988, pamene anyamata athu a mpira anagonjetsa Italy ndi zigoli 4 kwa 0 mu mzinda wa Gwangju, ndipo Kalusha Bwalya, mwana wa ku Mufulira, anamwetsa zitatu. M'caka ca 2017 anyamata athu a zaka zosapitirira 20 anagonjetsa Germany ndi zigoli 4 kwa 3 pa cisumbu ca Jeju. Ana athu ena apita komweko kukaphunzira, ena kukagula katundu.

Tsono munthu akafika m'dziko la eni ace angathe kukhala mwezi wathunthu wosadziwa dzina la nduna ya boma, koma sangathe kukhala tsiku limodzi wosadya. Sukulu yoyamba ya mlendo ndi msika. Inu a ku migodi mudziwa ici bwino, pakuti ambiri amene anacokera ku Chipata ndi ku Petauke anayamba Cibemba cao pogula ndiwo. Cimene ndifuna kukusonyezani ndi ici: maina a Cikorea si mulu wa miyala woti munthu asenze wonse pamutu ai. Ambiri a iwo ndi omangidwa ndi timau tating'ono, monga nyumba imangidwa ndi njerwa, ndipo wolankhula Cinyanja ali nazo kale m'kamwa mwace zida zina zimene Mngelezi alibe.

ZILEMBO ZA MFUMU SEJONG

Zilembo za Cikorea zichedwa Hangul. Anazikonza ndi mfumu Sejong m'caka ca 1443, nazilengeza kwa anthu m'caka ca 1446. Isanafike nthawi imeneyo anthu a ku Korea analemba ndi zizindikiro za ku China, zimene ziri zikwi zambiri, kotero kuti olemera okha ndiwo anali ndi nthawi ya kuziphunzira. Mfumuyo inafuna kuti ndi munthu wamba yemwe akhoze kulemba za kumtima kwace. Poyamba zilembo zinali 28, koma lero zigwira nchito 24: za mtundu wa a, e, i, o, u ziri 10, ndipo za mtundu wa b, k, m ziri 14. Zina anazijambula motsanzira ziwalo za m'kamwa. Cilembo ca m ndi kabokosi ka ngondya zinai, cithunzi ca pakamwa; ca n ndi cithunzi ca lilime lokhudza kuseri kwa mano a kumwamba. Polemba sandandalika zilembo monga ticitira ife, koma aziunjika ziwiri, zitatu kapena zinai m'kagulu kamodzi, ndipo kagulu kali konse ndi phatikizo limodzi. Munthu wakhama azidziwa zonse m'masiku owerengeka.

Maina a m'nkhani ino alembedwa m'zilembo zathu, potsata kalembedwe kamene boma la South Korea linakhazikitsa m'caka ca 2000, komwe mlendo akaona pa zikwangwani za m'miseu. Koma cenjerani, pakuti zilembozo siziwerengedwa monga m'Cinyanja.

PAMENE TIPAMBANA NDI PAMENE TIPUNTHWA

Ife tisiyanitsa kuponya ndi kuphonya, ndiponso kupala ndi phala. Kampweya kamene katuluka pa ph, th ndi kh kasintha tanthauzo la mau, ndipo mwana wa zaka zitatu akumva kusiyanako. Mngelezi kumambvuta, koma m'Cikorea kulimo monga mwa ife. Lamulo lace ndi ili. Mukaona k, t, p kapena ch kuciyambi kwa phatikizo, muchule ndi mpweya, monga kh, th, ph ndi ch wa m'mau akuti nchito. Motero kong, ndiye nyemba, achulidwa khong'. Podo, ndiye mphesa, achulidwa phodo. Ndipo pa, anyezi wa masamba obiriwira, amveka monga pha wa m'mau akuti kupha. Mukaona zilembo ziwiri zofanana, kk, tt kapena pp, muchule k, t, p wathu wopanda mpweya, koma molimbitsa kukhosi. Mukaona g, d, b kapena j, muchule mofewa. Kuciyambi kwa dzina zimveka pafupi ndi k, t, p, c, koma pakati pa dzina zimveka monga zilembedwera.

Kusiyana kumeneku si kwa masewera. Kong ndi nyemba, koma gong ndi mpira. Dal ndi mwezi wa kumwamba, tal ndi cigoba cobvala kumaso povina, ndipo ttal ndi mwana wamkazi. Munthu wosasamala angathe kuyamikira cigoba ca mnzace pamene afuna kuyamikira mwana wace.

Pali mwai winanso uwiri. Ng wa kumapeto kwa phatikizo ndi ng' wathu wa ng'ombe. Ndipo monga ife l ndi r tiziyesa cinthu cimodzi, potero tinena kuli ndi tiri, iwonso ali ndi cilembo cimodzi cokha ca zonse ziwiri: pakati pa mau cimveka r, kumapeto cimveka l.

Tsopano pamene tipunthwa. Mau onse a Cinyanja atha ndi a, e, i, o kapena u, ndipo tikabwereka mau acilendo timawabveka mcira, monga tinacitira ndi buku, sukulu ndi kabici. M'Cikorea mcira umenewu uononga dzina. Dzungu ndi hobak, osati hobaki. Mutseke mau kukhosi, muleke pomwepo. Zotsekera ziripo zisanu ndi ziwiri zokha: k, n, t, l, m, p ndi ng. Cina cobvuta ndi zilembo ziwiri zoimira liu limodzi. Ae amveka monga e wathu, ndipo oe amveka monga we. Eo ndi o wochulidwa ndi kukamwa kotseguka, milomo yosazungulira. Eu ndi u wochulidwa milomo iri yotambasuka monga munthu womwetulira. Yesani ndi maneul, ndiye adyo, ndi beoseot, ndiye bowa.

ZIPATSO

Zipatso zonse pamodzi zichedwa gwail. Korea ndi dziko la cisanu coopsa, cimene ciyamba mu December kufikira February, ndipo madzi amauma ngati mwala. Cifukwa cace zipatso zace zenizeni ndi za kozizira. Apulo ndi sagwa. Picesi ndi boksunga. Sitiroberi ndi ttalgi, ndipo tamva kale kuti mphesa ndi podo. Bae ndi peyala wa kumeneko, si kotapela ai. Ndi wobulungira ngati apulo, wamkuru, wa khungu lofiirira ndi madzi ambiri, ndipo wochuka ndi wa ku Naju. M'miyezi yotentha adya subak, ndiye mavwende, ndipo phiri la Mudeungsan, pafupi ndi Gwangju kumene tinagonjetsa Italy, lidziwika ndi subak wace. Adyanso chamoe, wochulidwa chamwe, kavwende kacikasu ka mizere yoyera. M'cisanu adya gyul, ndiye manacesi, amene ambiri acokera ku Jeju, cisumbu ca kumwera kofunda.

Zipatso ziwiri ziri ndi abale ao m'chire mwathu. Daechu ndi mbale wace wa masau, ndipo monga ife, iwonso amamuyanika. Gam ndi mbale wace wa mcenja, koma ndi wamkuru ngati matimati, wofiira ndi wotsekemera; akamsenda ndi kumyanika pa zingwe achedwa gotgam. Palinso bam, mtedza wa mumtengo wa cikhokho colimba, umene amaoca pa makala m'miseu nyengo ya cisanu.

Pano pali msampha wina, koma ndi msampha umene tiudziwa. Mau athu akuti mtengo anena comera m'nkhalango, nanenanso ndalama zogulira cinthu, ndipo palibe amene asokonezeka. Momwemonso bae ndi peyala, ndi mimba, ndi ngalawa. Munthu akati, "Bae gopayo," sanena za peyala. Ali kunena kuti mimba yace iri ndi njala. Bam ndi mtedza uja, ndiponso ndi usiku. Sagwa ndi apulo, ndiponso ndi kupepesa, kotero kuti anyamata ndi atsikana nthawi zina apereka apulo kwa mnzao amene anamlakwira, ndipo iye amva cimene citanthauza. Maina otere sabvuta kuwakumbukira, pakuti mwaphunzira dzina limodzi, mwapeza mau awiri kapena atatu.

Zipatso zina ziri ndi malo m'miyambo. Pa cikondwerero ca masika cochedwa Chuseok, cimene cigwa mu September kapena kuciyambi kwa October, mabanja ambiri abwerera kumudzi naika cakudya pa gome kukumbukira makolo ao amene anamwalira. Pa gomelo mwa mwambo aikapo daechu, bam, bae ndi gam. Koma boksunga saikapo, pakuti akale anati picesi apitikitsa mizimu. Mlendo wodziwa ici sangacite manyazi m'nyumba ya eni ace.

Zipatso za kotentha, zimene ife tingothyola kuseri kwa nyumba, maina ace anabwereka ku Cingelezi. Nthoci ndi banana, mango ndi manggo, lalanje ndi orenji, ndimu ndi remon, nanazi ndi painaepeul. Nthoci zinali cakudya ca olemera ku South Korea kufikira caka ca 1991, pamene boma linamasula malamulo a kuitanitsa zipatso kunja. Matimati nao ndi tomato, wochulidwa thomatho, ndipo musadabwe kumuona m'mbale ya zipatso, pakuti ambiri amamudya wamuwisi atawazapo shuga.

NDIWO NDI NJERWA ZA MAINA AO

Mpunga wophika uchedwa bap, ndipo mau omwewo atanthauza cakudya conse, monga ife munthu amene sanadye nsima timati sanadye. Zodyera bap zichedwa banchan, ndipo siziikidwa m'mbale imodzi, koma m'timbale tambiri pakati pa onse. Ndiwo zamasamba zichedwa chaeso kapena yachae. Ku North Korea amati namsae. Masamba ofutsa pang'ono ndi kutsira mcere, adyo ndi mafuta a citowe achedwa namul.

Mfumu ya ndiwo zonse ndi baechu, mbale wace wa cainizi wa m'misika mwathu, koma iye apanga mutu wautali wothinana. Nduna yace ndi mu, muzu woyera wonenepa ngati cinangwa cacikuru, wowawa pang'ono ngati mpiru. Nkhaka ndi oi, mabiringanya ndi gaji, sipinaci ndi sigeumchi, letesi ndi sangchu, tsabola ndi gochu.

Tsopano taonani njerwa zija. Kamau kakuti yang katanthauza nyanja yaikuru, ndipo kaikidwa pa zinthu zimene zinadza ndi Azungu pa zombo. Popeza pa ndi anyezi wa masamba, yangpa ndi anyezi wathu wobulungira. Popeza baechu mwamdziwa, yangbaechu ndi kabici. Yangsangchu ndi letesi wa mutu. Kamau komweko kali ndi pa zobvala: yangbok ndi suti, yangmal ndi masokosi.

Bak ndi mphonda. Ho ndi dzina limene kale anacha mitundu ya anthu a kumpoto, kunja kwa malire, ndipo hobak, dzungu, ndi mphonda ya alendo. Ae ndi mwana, motero aehobak ndi dzungu lanthete lobiriwira. Dan ndi kutsekemera, motero danhobak ndi dzungu lotsekemera. Ip ndi tsamba, ndipo hobangnip ndi masamba a dzungu, cibwabwa cathu comwe, cimene iwo amacifutsa ndi nthunzi nakulungamo mpunga. Mwaona kuti bak alimonso mu subak. Cham ndi ceniceni, ndipo oe ndi oi wofupikitsidwa, motero chamoe ndi nkhaka yeniyeni.

Ttang ndi nthaka, kong ndi nyemba, motero ttangkong, nyemba ya m'nthaka, ndi nsawa. Kongnamul ndi nyemba za soya zomeretsedwa mumdima, zodyedwa ziri mphukira. Karoti ndi danggeun: geun ndi muzu, ndipo dang ndi Tang, ufumu wakale wa ku China. Dzina lokoma koposa ndi la cimanga. Susu ndi mapira, ndipo ok ndi mwala wonyezimira wa mtengo wapatali umene apangira mikanda ndi mphete. Anthu ataona mbeu yatsopano ya mapesi onga a mapira, koma ya maso owala ondandalikana, anaicha oksusu. Iwo sasinja cimanga kuti aphike nsima monga ife; amacidya cophika pa citsononkho.

Werengani tsono. Ndi timau towerengeka mwatsegula maina ambiri, ndipo mukakumana ndi dzina lina loyamba ndi yang kapena ho, mudzayamba mwaganiza kuti kapena cinthuco cinacokera kunja.

MBEU ZIMENE ZINAYENDA ULENDO

Maina amenewa asunga mbiri. Cimanga, maungu, tsabola, nsawa ndi mbatata kwao kwenikweni ndi ku America, ndipo zinafika ku Korea monga zinafikira kuno, zitaoloka nyanja. Tsabola alembedwa m'buku lina la ku Korea la m'caka ca 1614 monga cinthu cocokera ku Japan. Lero cakudya cao cambiri ndi cofiira naye: ufa wa tsabola ndi gochugaru, ndipo phala lace lolimba losasitsa ndi gochujang. Ali ndi mwambi wakuti tsabola wamng'ono ndiye awawa koposa, kunena kuti munthu wamng'ono thupi asapeputsidwe. Ife tiri ndi wathu wakuti tsabola wakale sawawa.

Mbatata, imene ena timati kandolo, ndi goguma. M'caka ca 1763 nduna ina dzina lace Jo Eom inatumidwa ku Japan, ndipo podutsa pa cisumbu ca Tsushima inaona mbeu imeneyi, nitumiza ina ku Busan kuti ikapulumutse anthu m'zaka za njala. Dzina lakuti goguma linacokera ku mau a pa cisumbu comweco. Mbatata ya Azungu inadza pambuyo pace, kudzera kumpoto, ca m'ma 1820, ndipo ichedwa gamja. Koma gamja poyamba linali dzina la kandolo, ndipo mlendo wofika mocedwa analanda dzina la mnzace. Pa cisumbu ca Jeju akuru acha kandolo ndi dzina lakalelo, ndipo mbatata ya Azungu amati jiseul. Tisawaseke, pakuti ifenso mau akuti mbatata tinawalandira kwa Apwitikizi, pamodzi ndi nanazi ndi lalanje, ndipo tiwagwiritsa pa mbeu zonse ziwiri. Tisiyana nao pa cimodzi: ife pa kandolo tithyola masamba kuphika kalembula, iwo akonda timapesi ta masambawo, atatisenda.

MFUTSO WA KU KOREA

Cifukwa ninji baechu ndi mu ziri ndi ulemu wotere? Yankho ndi cisanu. Miyezi itatu kapena inai m'munda simumera kanthu, ndipo makolo ao anayenera kusunga ndiwo kapena kudya mpunga wokha. Amai athu afutsa masamba ndi kuyanika mfutso wa m'cilimwe. Iwonso ayanika masamba a mu, nawacha siraegi. Koma njira yao yaikuru ndi kimchi. Atenga baechu, namnyika m'mcere kufikira atafota, namtsuka, napaka pakati pa masamba ace msanganizo wa gochugaru, maneul, pa, mu wodula-dula, saenggang, ndiye jinja, ndi nsomba kapena nkhanu zazing'ono za mcere. Akatero amtsekera m'mitsuko kuti asase pang'ono-pang'ono. Mcere uletsa tizirombo toola, ndipo tizirombo tina tabwino tisandutsa shuga wa m'masamba kukhala cowawasa cimene cisunga ndiwo, monga cicitika ndi mkaka wosasa.

Nchito ya kukonza kimchi wa cisanu conse ichedwa gimjang, ndipo icitika mu November ndi kuciyambi kwa December. Abale ndi anansi asonkhana kuthandizana, lero nyumba iyi, mawa inayo, monga ife tiitanirana dima. Kale mitsuko inakwiriridwa pansi kuti isaume ndi cisanu. Lero mabanja ambiri ali ndi firiji ya kimchi yokha. Bungwe la UNESCO linalemba mwambo umenewu m'kaundula wa cuma ca miyambo ya anthu m'caka ca 2013. Taonani kuti amene adziwa zolowa mu kimchi wadziwa kale maina asanu ndi limodzi a ndiwo.

PA MSIKA

Msika ndi sijang. Mu Seoul muli msika waukuru wa zokolola wochedwa Garak, umene unatsegulidwa m'caka ca 1985, ndipo m'midzi muli misika yokumana kamodzi pa masiku asanu. Mukafika mupereke moni, "Annyeonghaseyo." Mwini malonda, mwamuna kapena mkazi, mumuitane sajangnim, mai wacikulire ambiri amamuitana imo, ndiye amai ang'ono kapena amai akuru, mbale wa amai ako. Mau akuti iwe musawayese konse kwa munthu wamkuru.

Ziganizo zitatu zikwanira. "Igeo mwoyeyo?" ndiye kuti, ici nciani? "Eolmayeyo?" ndiye kuti, nzingati? Ndipo juseyo ndiye kuti, ndipatseniko. Coyambaco ndico cacikuru, pakuti safunsa anadya phula, ndipo wogulitsa ali yense ndi mphunzitsi wosalipidwa.

Mawerengedwe ali a mitundu iwiri. Powerenga zinthu anena hana, dul, set, net, daseot, kucokera 1 kufikira 5, koma anai oyambawo afupika kukhala han, du, se, ne akatsatidwa ndi kamau kowerengera. Kamau ka zinthu wamba ndi gae. Dzina la cinthu liyamba, ciwerengero citsata monga m'Cinyanja, ndipo mau a kupempha akhala kumapeto: "Sagwa se gae juseyo," ndipatseniko maapulo atatu. Monga ife tinena mulu wa matimati, mtolo wa repu ndi phava la nthoci, iwonso ali ndi timau tace: pogi pa mutu wa baechu, tong pa subak, dan pa mtolo wa pa, songi pa tsango la mphesa. "Baechu du pogi juseyo," ndipatseniko mitu iwiri ya baechu.

Powerenga ndalama, zimene zichedwa won, agwiritsa mawerengedwe ocokera ku China: il, i, sam, sa, o. Cheon ndi 1,000 ndipo man ndi 10,000. Samcheon won ndi 3,000. Iman won ndi 20,000. Apa ndi pamene mlendo ataya ndalama, pakuti akasokoneza cheon ndi man walakwa kakhumi. Popereka ndalama ndi polandira katundu mugwiritse manja awiri, kapena dzanja lamanja logwirizidwa ndi lamanzere, monga anatiphunzitsa agogo athu. Mukayamika ndi mau akuti "Gamsahamnida," kapena mai uja adzaponyamo gyul mmodzi kapena awiri osalipira. Cimeneci amati deom. Ife timati mbasela.

NJIRA YA KUPHUNZIRA

Amene afuna kuyamba acite motere. Sabata yoyamba aphunzire Hangul, pakuti zilembo zathu ndi ndodo ya wodwala, yoyenera kutayidwa mwendo ukalimba, ndipo pa msika wa ku Korea maina a zinthu alembedwa m'Hangul. Pambuyo pace atenge maina asanu pa tsiku, osapitirira, kuyambira pa zimene ziri m'khicini mwace: yangpa, maneul, gochu, goguma, oksusu. Alembe dzina liri lonse pa kapepala naike pa cinthu cace, kuti diso lione dzina ndi cinthu pamodzi popanda Cingelezi pakati. Amvere eni ace cinenero pa lamya ya m'manja kapena m'mafilimu ao, nabwereze mokweza, pakuti kh ndi k samveka pa pepala. Dzina liri lonse latsopano alifunse ngati liri ndi njerwa yodziwika m'kati mwace. Ndipo Loweruka, poyenda pa Chisokone ku Kitwe kapena pa Soweto mu Lusaka, achule mumtima dzina la ciri conse cimene aona pa thebulo, nawerenge milu ndi han, du, se. Maina asanu pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, akwana 120 pa masabata anai, ndipo amenewo aposa zonse zimene tachula usiku uno.

Anthu a ku Korea ali ndi mwambi wa nyemba za mitundu iwiri, kong ndi pat, kanyemba kofiira. Amati pobzala kong pamera kong, pobzala pat pamera pat. Wobzala maina asanu lero sadzakolola cinenero conse mawa, koma tsiku limene adzaima pa msika wa ku Seoul kapena ku Busan adzagula cimene afuna, pa mtengo umene waumva, ndipo wogulitsa adzamuyesa mlendo waulemu. Amai amene muli kumvera, mawa pophika cibwabwa muuze ana kuti cimeneco ndi hobangnip, muone ngati adzacichula bwino osacibveka mcira.